Mfuti ya Malemu Ikakhala Kunja kwa Dziko

Kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi ndi mabanja oŵerengeka amene alibe mbale kunja kwa dziko. Azigogo athu ambiri adapita ku Johannesburg, kumene timati ku Joni, pa Wenela ndi pa Teba. Ena adatengedwa ndi Mthandizi kukalima fodya m'mafamu a ku Zimbabwe, dzikolo likadali kutchedwa Rhodesia. Ena adatsata ntchito ku Kitwe ndi ku Ndola m'dziko la Zambia. Ulendo wa pa Teba udatha m'chaka cha 1988, koma mpaka lero anyamata ndi atsikana akupitabe paokha. Ambiri amabwerako. Ena amachona, nakwatira komweko, nakalambira komweko.

Munthu wotere akatisiya, uthenga umafika kumudzi. Maliro akatha pamabwera nkhani ya katundu: njinga, wailesi, makina osokera, zofunda. Nthaŵi zina pakati pa katunduyo pamapezeka mfuti. Mwina malemu anali kapitao pa famu, mwina anali ndi sitolo, mwina anali ndi munda wawo umene nguluŵe zinkavuta.

Njinga mungathe kuikweza pa basi n'kufika nayo pa Mponela. Makina osokera chimodzimodzi. Koma mfuti ai. Mfuti imayenda ndi makalata, ndipo makalatawo ndiwo amatsogola. Iyo imabwera pambuyo pa zonse. Munthu amene wayamba ndi kunyamula mfuti, kuti makalata akaona kutsogolo, ulendo wake umathera m'chitokosi cha pa malire. Tiyeni tsono tione njira yake bwinobwino.

Chiphaso chimapita ndi mwiniwake

Mfuti iliyonse yololedwa ndi Boma ili ndi chiphaso, chimene ena amati laisensi. Pa chiphasocho pamalembedwa zinthu ziŵiri zazikulu: dzina la munthu ndi nambala ya mfuti. Nambalayo idadindidwa pa chitsulo cha mfutiyo pamene inkapangidwa. Choncho chiphaso chimamanga munthu mmodzi ndi mfuti imodzi.

Taganizani za galimoto. Bambo akamwalira, mwana angathe kutenga galimotoyo kukhala yake. Koma kodi angaiyendetse ndi laisensi ya bambo wake? Iyai. Ayenera kukhala ndi yakeyake. Mfuti ndi chimodzimodzi, koma lamulo lake ndi loŵaŵa koposa. Galimoto mungathe kungoiimika pakhomo ngakhale mulibe laisensi. Mfuti, kungoisunga m'nyumba popanda chiphaso cha dzina lanu, ndi mlandu kale. Simunaombe, simunaopseze munthu, koma mwapalamula.

Chinanso n'chakuti chiphaso chimathera pa malire. Chiphaso cha ku Zambia chilibe mphamvu ku Mchinji. Cha ku Zimbabwe chilibe mphamvu ku Tete. Dziko lililonse lili ndi lamulo lakelake la mfuti. Lathu la Malaŵi lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1967. La ku South Africa lidapangidwa m'chaka cha 2000, nkuyamba kugwira ntchito mu 2004. Kumeneko munthu wopezeka ndi mfuti popanda chiphaso angathe kukhala m'ndende mpaka zaka 15. Kunena kuti "ndi ya malemu malume anga" sikumasula munthu.

Kodi mfutiyo ndi ya yani tsopano?

Pa mwambo wathu wa Chicheŵa, chuma cha malume chinkatsata mbumba. Mphwa ndiye ankatenga uta, mkondo ndi mfuti. Akuluakulu ena akali kuganiza choncho. Koma m'chaka cha 2011 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo latsopano la chuma chamasiye. Lamuloli likuti munthu akamwalira osasiya kalata ya wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake, ana ake, ndi ena amene ankadalira iyeyo. Likutinso kulanda chuma chamasiye ndi mlandu.

Komanso katundu amene ali kunja amayang'aniridwa ndi maofesi a dziko limene aliko. Ku South Africa ndi ku Zimbabwe kuli ofesi ya bwalo lalikulu la milandu yotchedwa Master of the High Court. Ofesi imeneyi ndiyo imavomereza munthu woti ayendetse chuma cha malemu. Munthu ameneyo amalemba katundu yense, amabweza ngongole, nagaŵa zotsala. Iyeyo ndiye angakupatseni kalata yonena kuti mfuti yagwera inu. Popanda kalata imeneyi palibe ofesi imene ingakumvereni.

Ndanena zimenezi chifukwa enafe tikamva kuti mbale wamwalira kunja timaiŵala kuti adasiya mkazi ndi ana kumeneko. Timanyamuka ndi thumba m'manja ngati tikupita kokolola. Si bwino. Anthu amenewo ndiwo adadwazika matenda, ndiwo akudziŵa pamene pali mapepala, ndiponso ndiwo angakuthandizeni m'maofesi a kwawoko. Yambani ndi kuŵapepesa maliro. Za mfuti zibwere pambuyo, mwaulemu.

Nanga podikira zonsezi mfuti ikhale kuti? Woyendetsa chuma akauze apolisi a kumeneko msanga kuti mwini mfuti wamwalira. Iwo adzanena kumene isungidwe: ku polisi, kwa wogulitsa mfuti wovomerezeka, kapena m'bokosi lachitsulo lokhoma. Ikaperekedwa kwina kulikonse, palembedwe lisiti lokhala ndi nambala ya mfutiyo. Osaikwirira pansi, osaibisa kudenga, osaipereka kwa mnansi kuti "tasungani".

Pali mfuti zimene sizingabwere konse, ndipo ndi bwino mudziŵiretu musanaononge ndalama. Mfuti zankhondo, monga AK-47, munthu wamba saloledwa kukhala nazo. Mfuti imene malemu ankagwira nayo ntchito yaulonda si yawo, ndi ya kampani, ndipo iyenera kubwerera komweko. Mfuti imene malemu ankasunga mobisa, yopanda chiphaso, ilibe njira yoloŵera kuno. Chimodzimodzi gogodera wosula pamudzi, kapena mfuti imene nambala yake idapalidwa. Zoterezi musazikhudze. Auzeni apolisi a kumeneko adzatenge okha.

Yambirani kuno kwanu

Anthu ambiri amaganiza kuti ulendo uyambire kumene kuli mfuti. Ai, umayambira kuno. Dziko la eni silingalole mfuti kutuluka lisanaone kalata yosonyeza kuti Malaŵi wavomera kuilandira.

Pitani ku polisi ya kufupi ndi kwanu: pa Dowa, pa Mponela kapena pa Ntchisi. Nenani kuti mukufuna kuonana ndi woona za mfuti. Kaundula wa mfuti zonse za m'dziko muno ali m'manja mwa apolisi, ndipo likulu lawo lili ku Area 30 mu Lilongwe. Mkulu wosunga kaundulayo pa Chingerezi amatchedwa Registrar of Firearms. Ndi bwino kulidziŵa dzina limeneli chifukwa mudzaliona pa mapepala.

Musapite chimanjamanja. Tengani chitupa chanu cha unzika. Tengani kalata yotsimikiza imfa ya malemu, kalata ija ya woyendetsa chuma, ndi chithunzi cha chiphaso cha mfuti cha malemu. Masiku ano abale angathe kujambula mapepala ameneŵa n'kukutumizirani pa foni, inu n'kukasindikiza pa boma. Dziŵaninso mtundu wa mfutiyo. Kodi ndi chifefe, ndi raifolo, kapena ndi pisito? Idapangidwa ndi kampani yanji? Imadya zipolopolo zanji?

Kumeneko mukupempha zinthu ziŵiri. Choyamba, kuti inuyo muloledwe kukhala ndi mfuti. Chachiŵiri, kuti mfuti imeneyo iloledwe kuloŵa m'Malaŵi.

Yembekezani mafunso. Mfutiyo mukuifunira chiyani? Mukaisunga pati? Kodi mudamangidwapo? Apolisi angathe kufufuza mbiri yanu kumudzi, ngakhale kwa a nyakwaŵa. Munthu wa ndeu pa moŵa, munthu womenya mkazi, munthu amene mutu wake umasokonezeka, asadabwe akakanizidwa. Ine ndimati pamenepo apolisi amachita bwino. Kukhala mloŵam'malo sikukakamiza Boma kukupatsani chiphaso. Boma limayang'ana munthuyo, osati chibale chake ndi malemu. Akakukanizani, ulendo wathera pomwepo, ndipo mwapulumutsa ndalama ya basi.

Akakuvomerani, tumizani chithunzi cha chilolezocho kwa woyendetsa chuma. Tsopano iye angathe kupempha chilolezo chotulutsira mfuti kwa apolisi a kumeneko. Ku South Africa fomu yake imatchedwa SAPS 520. Ku Zimbabwe ndi ku Zambia nakonso ndi apolisi amene amasunga kaundula wa mfuti. Mukasoŵa poyambira, dziko lathu lili ndi maofesi a kazembe ku Pretoria, ku Harare ndi ku Lusaka, ndiponso ofesi yothandiza Amalaŵi ku Johannesburg. Iwo sapereka chiphaso cha mfuti, koma angakulozereni khomo loyenera. Zimenezi sizitha sabata imodzi. Pamafunika kudekha, paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Apa ndipo pali phindu la sukulu yathu

Inu amene mwaphunzira kuŵerenga, mvetsani apa. Pa mapepala onseŵa chinthu chachikulu ndi nambala ya mfuti. Nambala ya pa chitsulo, ya pa chiphaso cha malemu, ya pa chilolezo choloŵera ndi ya pa chilolezo chotulukira ziyenera kufanana ndendende. Pakasiyana kanthu kamodzi kokha, wa pa chipata adzati mapepalaŵa ndi a mfuti ina, ndipo imene mwanyamulayi ilibe makalata.

Makalaliki nawonso ndi anthu, dzanja limaphonya. Choncho pepala lililonse limene mwalandira, musangolipinda n'kuika m'thumba. Khalani pansi pomwepo. Ikani chala pa nambala, muŵerenge imodziimodzi monga timachitira pa bolodi. Chenjerani ndi 6 ndi 9. Chenjerani ndi 1 ndi 7, pakuti ena amalemba mofanana. Chenjerani ndi 3 ndi 8 pamene inki yafufutika. Nambala zambiri za mfuti zimasakaniza malembo ndi manambala. Tsono lemba la O limafanana ndi 0, lemba la S limafanana ndi 5, lemba la B limafanana ndi 8. Mukakayika, funsani pomwepo kuti akonze ndi kudinda. Safunsa adadya phula.

Onaninso dzina lanu. Ambirife tili ndi maina angapo: la kumudzi, la ku tchalitchi, la mfunda. Pa mapepala onse palembedwe dzina limene lili pa chitupa cha unzika ndi pa pasipoti, malembo ake osasintha. Onaninso tsiku limene chilolezo chikutha mphamvu. Zilolezo zimenezi zili ndi nthaŵi yake. Chimodzi chikatha mphamvu mukali kudikira chinzake, muyenera kukachikonzanso musananyamuke.

Mafomu ambiri ali m'Chingerezi. Musachite manyazi kupempha kuti akumasulireni mzere uliwonse musanasaine. Kale tinkangodinda chala pamene atilozera. Tsopano mumalemba dzina lanu ndi dzanja lanu, ndipo dzina lanu likakhala pansi pa mau abodza, mlandu ndi wanu.

Maiko a pakati

Tiyerekeze kuti mfuti ili ku Johannesburg, ndipo mukufuna kubwera nayo pa msewu. Mudzatuluka South Africa pa Beitbridge ndi kuloŵa Zimbabwe. Mudzadutsa Harare mpaka pa Nyamapanda, n'kuloŵa Mozambique. Mudzaoloka Zambezi pa Tete, kenaka mudzafika pa chipata cha Dedza kapena cha Mwanza. Taŵerengani: maiko anai, malire atatu. Malire alionse ali ndi ofesi mbali ino ndi ofesi mbali inayo. Ndiye kuti mudzaima pa maofesi asanu ndi imodzi.

Chilolezo cha South Africa ndi cha Malaŵi sizikwanira pa ulendo umenewu. Zimbabwe afuna chilolezo chake chodutsira. Mozambique nayenso afuna chake, ndipo kumeneko mapepala ali m'Chipwitikizi. Zonsezi ziyenera kupezeka musanakwere. Pa chipata si popemphera chilolezo, ndi poonetsera chimene muli nacho kale. Funsaninso eni basi ngati amalola katundu wotere.

Ochokera ku Zambia zinthu zimaŵapepukirako. Kuchoka ku Chipata malire ndi amodzi okha, pa Mwami ndi Mchinji.

Njira ina ndi ndege. Ndege yochoka ku Johannesburg kudzatera pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi imalumpha maiko a pakatiwo. Koma kampani ya ndege iyenera kuuzidwiratu. Mfuti imayenda yopanda chipolopolo m'kati, yotsekeredwa m'bokosi lolimba, ndipo imakhala kumalo a katundu, osati pamiyendo panu. Palinso makampani ovomerezeka amene ntchito yawo ndi kutumiza mfuti kuchoka dziko lina kupita dziko lina. Amalipiritsa, koma amadziŵa mapepala.

Chimene simuyenera kuchita ndi ichi. Pali anyamata onyamula katundu wa anthu kuchoka ku Joni pa malole ndi pa ngolo za mabasi. Wina angakuuzeni kuti, "Bwana, musavutike, tiikulunga m'matiresi, ifika." Kanani. Ikagwidwa, woyamba kumangidwa ndi iyeyo, wachiŵiri ndi inu amene dzina lanu lili pa katunduyo. Ikapanda kugwidwa, mwaloŵetsa m'nyumba mwanu mfuti imene simungathe kuilembetsa mpaka kalekale, chifukwa funso loyamba ku polisi lidzakhala lakuti, "Idaloŵa bwanji?"

Zipolopolo nazo zili pansi pa lamulo lomwelo. Chipolopolo chimodzi choiŵalika m'thumba la jekete la malemu chingathe kukugonetsani m'chitokosi. Pisani matumba onse musanalongedze zovala.

Mukafika pa chipata cha dziko lathu, nenani nokha asanakufunseni: "Ndanyamula mfuti, mapepala ake ndi aŵa." Musaitulutse m'bokosi mpaka atakuuzani. A kasitomu, amene ali pansi pa bungwe lotolera msonkho la MRA, pamodzi ndi apolisi, adzayerekeza nambala. Angathe kuisunga mfutiyo mpaka chiphaso chanu chitatuluka. Zikatero musakangane nawo, ingotengani lisiti. Ndalama iliyonse imene mwalipira, kaya ndi msonkho kaya ndi ya chiphaso, ikhale ndi lisiti la Boma. Ndalama yopanda lisiti ndi chiphuphu.

Mwina mukuti, "Chifefe chimodzi chokha, mavuto onseŵa?" Akuluakulu akukumbukira nkhondo ya ku Mozambique imene idatha m'chaka cha 1992. Itatha, mfuti zambiri zidaoloka malire mobisa, ndipo zina zidagwera m'manja mwa achifwamba amene ankathyola magolosale ndi kuba ng'ombe. M'chaka cha 2001 atsogoleri a maiko a SADC adakumana ku Blantyre, nasainirana pangano loti azithandizana kulondola mfuti ndi zipolopolo. Wapolisi wa pa chipata sangathe kuona mtima wanu. Chimene angaone ndi pepala.

Ikafika kumudzi

Chiphaso cha mfuti kuno chimakonzedwanso chaka ndi chaka, ndipo chaka chilichonse mumalipira. Mfuti siibwerekedwa, ngakhale kwa mchimwene wanu wa bere limodzi. Isungidwe pokhoma, zipolopolo pena, kutali ndi ana.

Kumbukiraninso kuti chiphaso cha mfuti si chilolezo chosakira nyama. Inu a kufupi ndi nkhalango ya Ntchisi, ndi inu a kwa Nthondo amene mwayandikana ndi nkhalango ya Nkhotakota, samalani kwambiri. Kuloŵa ndi mfuti m'malo otetezedwa ndi mlandu. Chiyambire 2017 lamulo la nyama zakutchire lidakhwima, ndipo wopha nyama monga njovu angathe kulamulidwa kukhala m'ndende mpaka zaka 30. Anyani ndi nguluŵe zikavuta m'munda, kafunseni kwa alangizi a zanyama zakutchire chimene lamulo likulola.

Tsono musanayambe zonsezi, khalani pansi ndi banja lanu muŵerengere. Pasipoti, maulendo a ku Lilongwe, ulendo wa kunja kupita ndi kubwera, malo ogona, zilolezo za dziko lililonse, bokosi lachitsulo, ndi chiphaso cha chaka ndi chaka. Lembani zonsezi m'kope mwanu, muphatikize. Kenaka funsani mtengo wa mfutiyo. Kaŵirikaŵiri mudzapeza kuti chifefe chakale chikuchepa mtengo poyerekeza ndi ulendo wake. Kunena zoona, mabanja ambiri angachite bwino kuisiya komweko. Woyendetsa chuma angathe kuigulitsa kudzera kwa wogulitsa mfuti wovomerezeka, ndalama n'kugaŵidwa kapena kugulira feteleza. Mwana wa malemu amene ali nzika ya kumeneko angathe kupempha chiphaso chake. Apo ai, ingathe kuperekedwa ku polisi kuti iwonongedwe. Ngati chimene mukufuna ndi chikumbutso cha malemu, chipewa chawo, ndodo yawo kapena wotchi yawo zimaoloka malire popanda chilolezo cha apolisi.

Koma ngati mwaganiza mofatsa ndipo mukuifunabe, choyamba kuchita ndi kulemba kalata. Nachi chitsanzo. Mungathe kuchikopera m'kope mwanu, n'kusintha mau kuti agwirizane ndi kwanu.

Okondedwa asuweni,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amai. Kuno tonse tili bwino, kungoti mitima ikali yosweka ndi imfa ya malume. Pepani kwambiri.

Tamva kuti malume adasiya mfuti, ndipo akuti adanena kuti idzakhale yanga. Sindikufuna kuchita kanthu inu ndi amai musanavomere. Chonde mundiuze amene akuyendetsa chuma cha malemu. Mundiuzenso ngati apolisi a kumeneko adauzidwa, ndi kumene mfutiyo ikusungidwa. Ngati n'kotheka, mujambule chiphaso chake mbali zonse ziŵiri, kuti nambala ioneke bwino, pamodzi ndi kalata ya imfa, munditumizire pa foni. Ine ndikayamba ndafunsa ku polisi kuno. Mfutiyo musaipatse munthu aliyense kuti abwere nayo.

Moni kwa onse.

Ine msuweni wanu,